Manda a Ayuda ku Livingstone: Mbiri ya Alendo Amene Anatsata Ng'ombe ndi Njanji

Munthu wa kwathu kuno ku Chinguluwe akafuna kuona manda akale a Ayuda, ulendo wake ngwautali. Akwere basi pa Salima, adutse Lilongwe ndi Mchinji, aoloke malire pa Mwami, apitirire Chipata mpaka Lusaka, kenaka alunjike kummwera kudzera ku Kafue, Mazabuka, Monze, Choma ndi Kalomo mpaka akafike ku Livingstone, tauni ya m'mbali mwa Zambezi pafupi ndi mathithi a Mosi-oa-Tunya. M'tauni imeneyo, momwe Chinyanja chimamveka pamsika ndi m'mabasi, muli kamanda ka anthu amene anabadwira kumpoto kwa Ulaya, kudziko la chisanu choopsa, nadzagona mumchenga wa mu Africa. Ziliza zawo zili ndi zilembo za Chiheberi, zowerenga kuchokera kumanja kupita kumanzere. Zidzukulu zawo zili ku Cape Town, ku London, ku Sydney ndi ku Tel Aviv.

Nkhani ya mandawa imandikhudza chifukwa ife Amalawi ndife mtundu wa apaulendo. Palibe mudzi kunyanja kuno umene ulibe wake amene anapita ku Halale, ku Joni kapena kumigodi ya mkuwa n'kuchona komweko. Chinguluwe yemweyu anadzaza ndi anthu obwera, amene anadzalandira minda ya thonje m'nthawi ya Kamuzu, n'kuyamba kuika abale awo kutali ndi msitu wa makolo. Nkhawa yakuti ndani adzalambula manda a mlendo abale ake onse atachoka si yachilendo kwa ife.

Ambiri a ife Ayuda timawadziwira m'Baibulo, ndipo nkhani yawo timaisiyira pomwe buku la Machitidwe a Atumwi lathera. Anthuwo sanathere pamenepo. Aroma atagumula kachisi wa ku Yerusalemu m'chaka cha 70, Ayuda anapitiriza kumwazikana m'maiko. Ena anakakhazikika m'mbali mwa mtsinje wa Rhine ku Germany, ndipo chizunzo chitakula kumeneko anasunthira kum'mawa, ku Poland ndi ku Lithuania, kumene mafumu anawalandira chifukwa cha luso lawo pa malonda ndi ntchito zamanja. Anakhala kumeneko zaka mazanamazana m'timatauni tating'onoting'ono, akusoka zovala, akuchenga zitsulo, akugula ndi kugulitsa mbewu ndi ziweto. Panyumba ankalankhula Yiddish, Chiheberi n'kumachisungira mapemphero ndi maphunziro.

Zinthu zinasintha maderawo atalowa m'manja mwa Russia kumapeto kwa zaka za m'ma 1700. Ayuda anawalembera malire a kumene angakhale, osaloledwa kutuluka. M'chaka cha 1881 mfumu Alexander II inaphedwa, ndipo mkwiyo wa anthu unagwera Ayuda: kummwera kwa ufumuwo magulu a anthu anaphwanya nyumba ndi masitolo awo, ena n'kuphedwa. Malamulo a 1882 anawaletsa kugula minda ndi kukhazikika mwatsopano kumidzi. Powonjezera umphawi ndi usilikali wokakamiza, anyamata ambiri anaona kuti tsogolo lili kunja. Chinamtindi chinapita ku America. Koma a ku Lithuania ambiri anamva za golide amene anapezeka ku Witwatersrand mu 1886, ndipo m'bale ankaitana m'bale, mnansi n'kuitana mnansi. Golide yemweyo amene anayendetsa agogo athu wapansi kupita ku Joni ndiye anakweza Ayudawa sitima zapamadzi kupita ku Cape Town.

Si onse anapeza malo ku Johannesburg. Osauka ndi olimba mtima anatsata njanji kulowera kumpoto, ku Francistown ndi ku Bulawayo, atasenza katundu wogulitsa. Ndipo kumeneko kunachitika chinthu chimene chinawatsegulira njira ya ku Zambezi. Mu 1896 ndi 1897 mliri wa ng'ombe wotchedwa rinderpest unasesa makola kuyambira kumpoto mpaka ku Cape. Ngolo zinasowa zozikoka, nyama inakwera mtengo. Koma m'chigwa cha Zambezi, kwa Alozi, ziweto zambiri zinapulumuka. Aliyense wokhoza kukafika kwa mfumu Lewanika ku Lealui, kugula ng'ombe, n'kuzifikitsa zamoyo ku Bulawayo, anali atapata chuma. Anyamata awiri apachibale, Elie ndi Harry Susman, ochokera m'katauni ka Rietavas ku Lithuania, anali m'gulu la oyesa mwayiwo. Anaoloka Zambezi mu 1901 atanyamula nsalu, mabulangete ndi mikanda, ndipo m'kupita kwa zaka anakhala ogula ng'ombe odalirika a mfumuyo.

Ntchitoyo inali ya moyo ndi imfa. Pa Kazungula panalibe mlatho. Ng'ombe iliyonse inkaoloka posambira, mutu wake atautsamiritsa m'mbali mwa bwato, wina atagwira chingwe cha kunyanga kuti mphuno isamire, opalasa akulimbana ndi madzi othamanga, ng'ona zili tcheru. Kutsidya kunali kuyenda masabata ambiri mumchenga, kulambalala madera a kashembe, usiku kusonkha moto kuopa mikango. Oweta ndi opalasawo anali anthu akuda, Alozi ndi anansi awo. Chuma cha amalondawa chinadutsa m'manja mwawo, koma maina awo simudzawapeza pa chiliza chilichonse, ndipo mbiri yonena zoona iyenera kuwakumbukira pamodzi ndi eni ng'ombewo.

Azungu oyamba anamanga zithando zawo pa Old Drift, pooloka pa mtsinje chakumtunda kwa mathithi. Malowo anali chisa cha udzudzu. Malungo, makamaka aja odetsa mkodzo, ankatenga anthu dzinja lililonse, ndipo manda a Old Drift alipobe m'nkhalango yosungira nyama ya Mosi-oa-Tunya. Mlatho wa njanji pa mathithi utatha mu 1905, boma linasamutsira anthu pamtunda wamchenga, ndipo pamenepo panabadwa Livingstone. Mu 1907 tauniyo inakhala likulu la North-Western Rhodesia, ndipo mu 1911 likulu la Northern Rhodesia yense. Ayuda anali m'gulu la oyamba kutsegula masitolo, mabutchala ndi malo ogona alendo. Pofika 1910 anali ndi mpingo wawo, ndipo chaka chomwecho kunachitika ukwati woyamba wa Chiyuda m'dzikomo.

Kwa Ayuda malo a manda amafunika msanga kuposa nyumba yopemphereramo. Kupemphera angathe kupempherera m'chipinda chakuseri kwa sitolo, bola pakhale amuna khumi, koma maliro sadikira. Mwambo umafuna kuti womwalira aikidwe mofulumira, tsiku lomwelo kapena mawa lake, m'malo opatulidwira Ayuda okhaokha. Ntchitoyi amagwira ndi anthu a kagulu kotchedwa chevra kadisha, adzukulu awo tingatero, odzipereka popanda malipiro. Amuna amasambitsa mwamuna, akazi amasambitsa mkazi. Amathira madzi thupi lonse mosadukiza, kulipukuta, n'kuliveka nsalu zoyera zopanda matumba, zofanana kwa mwini masitolo ndi kwa wosoka nsapato. Bokosi limakhala la matabwa wamba, ndipo salitsegula kuti anthu aone nkhope. Ofedwa amang'amba chovala chawo pachifuwa. Kumanda aliyense amagwirako fosholo, ndipo mwana wa malemu amanena pemphero la Kaddish, limene limatamanda Mulungu osatchula imfa. Akabwerera kunyumba amakhala pa timipando tatifupi masiku asanu ndi awiri, osameta, osagwira ntchito, anansi akuwabweretsera chakudya. Chiliza amadzachivundukula patapita miyezi. Msilamu wa ku Salima kuno, wozolowera sanda ndi kuika maliro dzuwa lisanalowe, sangadabwe nazo kwambiri izi.

Wowerenga chiliza chotere amayamba ndi zilembo ziwiri zapamwamba zonena kuti pano pagona munthu, kenaka dzina la malemu ndi la bambo ake. Chaka chimalembedwa motsata kalendala ya Chiyuda, imene ili patsogolo ndi zaka pafupifupi 3,760, kotero womwalira kumayambiriro kwa 1930 amalembedwa kuti anamwalira mu 5690. M'munsi mumabwera Chingerezi. Ndipo kwa Ayuda manda sasuntha, safukulidwa, malo ake saperekedwa kwa wina ngakhale patapita zaka mazana. Anthu opatula malo otere m'dziko la eni amakhala atatsimikiza mumtima kuti afika.

Malonda a ng'ombe za Alozi anaduka mu 1915, matenda a m'mapapo atagwa m'ziwetozo, ndipo boma linatseka njirayo kwa zaka zoposa 30. Amalonda ena anagwa, ena anatembenukira ku minda, ku matabwa, kapena kukagula ng'ombe ku Ngamiland. Kalembera wa 1921 anapeza Ayuda 110 m'dziko lonse, 48 mwa iwo ku Livingstone, 25 ku Lusaka, 11 ku Broken Hill, kumene lero ndi ku Kabwe. Anali ochepa chotero, komabe mu 1928 anaika mwala wa maziko a sunagoge wawo ku Livingstone, ndipo mu 1931 banja la Grill linamanga nyumba ya kanema ya Capitol. Nthawi yomweyo migodi ya mkuwa inali kutsegulidwa ku Luanshya, ku Nkana ndi ku Mufulira. Antchito zikwizikwi, pakati pawo Anyasa ambiri amene ankatchuka pa ukalaliki, ankafuna nyama, ufa ndi zovala, ndipo amalonda Achiyuda anasamukira komweko. Masunagoge ndi timanda zinabadwa ku Ndola, Kitwe, Mufulira ndi Luanshya. Ku Lusaka, m'manda akale a Aylmer May, munapatulidwanso chigawo cha Ayuda.

Mu 1935 likulu linasamukira ku Lusaka. N'chaka chomwecho chimene njanji yochokera ku Blantyre inafika pa Salima n'kusandutsa malo athu ano tauni ya masitolo ndi thonje. Salima ikuyamba kukula, Livingstone inali kutaya maofesi ndi antchito a boma. Inatsala ndi mathithi, njanji, ndi macheka a Zambezi Sawmills amene ankadula mitengo ya mukusi m'nkhalango za ku Mulobezi. Kampaniyo pambuyo pake inalowa m'manja mwa a Susman ndi mnzawo Harry Wulfsohn, amene anabwera kuchokera ku Latvia ali mnyamata.

Kenaka kunadza zaka zamdima. Hitler analowa m'boma ku Germany mu 1933. South Africa inali itayamba kale kutseka zitseko ndi lamulo la 1930, n'kudzazikhomereratu ndi lina la 1937. Mu July 1938 maiko anakumana ku Evian ku France kukambirana za othawa, koma pafupifupi onse anapereka zifukwa zokanira. Ku London kunamveka maganizo okakhazika mabanja Achiyuda kumidzi ya Northern Rhodesia, cha ku Mwinilunga, koma azungu okhala m'dzikomo anakana kwamtuwagalu, poopa kupikisana nawo pa malonda ndi ntchito. Amene analowa anali mazana ochepa okha, ambiri ochokera ku Germany, ena madokotala ndi amisiri amene anayamba moyo watsopano m'sitolo kapena pafamu. Nyasaland nayo inalandirako kagulu kochepa ka Ayuda amene Angerezi anawachotsa ku chilumba cha Cyprus mu 1941, koma nkhondo itatha sanakhalitse, n'chifukwa chake kuno kwathu sikunamere mpingo wawo wozika mizu.

Otsala ku Lithuania anakumana ndi zosaneneka. Kuyambira June 1941 asilikali a Germany ndi owathandiza a m'dzikomo anawombera Ayuda m'maenje a kunkhalango, tauni ndi tauni, mpaka kupha oposa 9 mwa 10 alionse. Mu Ulaya yense anaphedwa pafupifupi 6 miliyoni. Wamalonda wa ku Livingstone amene ankatumiza ndalama kwa amayi ake anangoona makalata asiya kubwera. Ophedwawo sanasambitsidwe, sanavekedwe nsalu yoyera, sanaikiridwe chiliza. Ngakhale manda akale a makolo awo m'matauni ambiri anafafanizidwa, miyala yake n'kumangira misewu ndi makwerero, monga zinachitikira ku Vilnius m'nthawi ya ulamuliro wa Soviet. Choncho amene anafera kutali, m'mbali mwa Zambezi, ndiwo anagona mwaulemu kuposa abale awo amene anafera kwawo. Ichi chokha chikukwanira kuti kamanda ka ku Livingstone kasungidwe.

Nkhondo itatha mkuwa unakwera mtengo, ndipo chiwerengero cha Ayuda chinafika pafupifupi 1,200 pakati pa zaka za m'ma 1950. Maurice Rabb anakhala meya wa Livingstone, Maurice Gersh meya wa Kitwe. Ku Mazabuka, m'nyumba yakuseri kwa sitolo ya makolo ake, kunakulira Stanley Fischer, wobadwa mu 1943, amene anadzakhala mkulu wa banki yaikulu ya Israel kuyambira 2005 mpaka 2013, kenaka wachiwiri kwa mkulu wa banki yaikulu ya America.

Apa mpamene mbiri imafuna kunena mosapsatira. Anthu amene ku Ulaya ankawapondereza, mu Africa analembedwa m'kaundula wa azungu. N'zoona kuti mabwana Achingerezi ambiri ankawanyoza, n'kumawaona ngati azungu apansi chifukwa chogulitsa kwa anthu akuda ndi kuphunzira zilankhulo zawo. Komabe tsankho la khungu linkawakomera. Ana awo ankapita kusukulu za azungu, iwo ankagona kumayadi. M'matauni a Northern Rhodesia munthu wakuda sankalowa m'sitolo ya mzungu: ankaima panja, kuloza chimene akufuna, n'kulandirira pa kazenera ka m'mbali, ndipo ku butchala ankamupatsa nyama yokulungakulunga kale, osaiona n'komwe. Ena mwa masitolo ndi mabutchala amenewo anali a Ayuda. Chipani cha African National Congress cha Harry Nkumbula chitayamba kunyanyala mabutchala ku Lusaka mu 1954, mkwiyo unali wa kazenera kameneko.

Amuna awiri a mtundu womwewu anaima mbali ziwiri za mkanganowo, ndipo mmodzi dzina lake Amalawi achikulire sanaliiwale. Roy Welensky anabadwira ku Salisbury mu 1907, bambo ake Myuda wa ku Lithuania, mayi ake Mbunu. Anakula mosauka, anakhala katswiri wa nkhonya ndi woyendetsa sitima ku Broken Hill, nakwera kudzera m'bungwe la antchito a njanji achizungu mpaka kukhala nduna yaikulu ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland kuyambira 1956 mpaka 1963. Ndi m'nthawi yake pamene bwanamkubwa Robert Armitage analengeza za ngozi pa 3 March 1959, Kamuzu n'kutengedwa kupita kundende ya Gweru, anthu oposa 50 n'kuphedwa, ena mwa iwo pa Nkhata Bay. Winayo ndi Simon Zukas, wobadwira ku Ukmergė ku Lithuania mu 1925, amene anafika ku Northern Rhodesia mu 1938 ali mnyamata. Ataphunzira uinjiniya ku Cape Town, anagwirizana ndi achinyamata akuda ku Ndola kulimbana ndi chitaganyacho chisanabadwe. Atsamunda anamutsekera miyezi ingapo m'ndende ya ku Livingstone komweko, n'kumuthamangitsira ku Britain mu 1952. Anabwerera dziko litalandira ufulu, anakhala nzika ya Zambia, ndipo m'zaka za m'ma 1990 anakhala nduna m'boma la Frederick Chiluba, mpaka anatula pansi udindo mu 1996 pokana kusintha malamulo kofuna kutsekereza Kenneth Kaunda pa chisankho. Ndimamulemekeza munthu ameneyu, chifukwa khungu lake linkamupatsa zonse, iye n'kusankha ndende.

Zambia inadziimira payokha pa 24 October 1964. Poyamba ambiri anakhalabe, koma mu April 1968 Kaunda analengeza ku Mulungushi kuti boma litenga gawo lalikulu m'makampani akuluakulu, ndi kuti malonda a m'masitolo ambiri akhale a nzika za Zambia. Ana Achiyuda anali kale kusukulu ndi kumayunivesite akunja, ndipo sanabwerere. Makolo anagulitsa n'kuwatsatira. Mtengo wa mkuwa utagwa m'zaka za m'ma 1970, otsalawo anachepa kwambiri. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ife a ku Salima tinaona zofananazo m'zaka zomwezo, boma la Kamuzu litalamula Amwenye kuchoka m'malo a malonda a kumidzi kupita m'mizinda ikuluikulu, makonde a masitolo awo n'kutsala akugumuka.

Masunagoge anatsekedwa mmodzimmodzi. Wa ku Livingstone anasanduka tchalitchi cha Akhristu, koma nyenyezi ya Davide ikuonekabe pakhoma lake lakumaso. Mu 1978 otsala anakhazikitsa bungwe la Council for Zambia Jewry kuti liyang'anire katundu wa mipingo yothayo pamodzi ndi manda. Bungwe lomwelo linadzathandiza ndi ndalama sukulu ya udokotala ya yunivesite ya Copperbelt ku Ndola. Hugh Macmillan ndi Frank Shapiro analemba mbiri ya anthuwa m'buku la Zion in Africa mu 1999, akadalipo okalamba okumbukira. Ku Livingstone, m'bwalo la nyumba yosungira zakale za njanji, pomwe kale pankaima sitima za Zambezi Sawmills, anatsegula chipinda chofotokoza mbiri ya Ayuda a m'dzikomo.

Manda okha ndiwo sangagulitsidwe kapena kusandutsidwa china. Kwa zaka zambiri Rabbi Moshe Silberhaft wa bungwe la African Jewish Congress wakhala akuyendayenda kuchokera ku Johannesburg kukaona manda a m'matauni momwe simunatsale Myuda ndi mmodzi yemwe, ku South Africa, Zimbabwe, Zambia ndi maiko ena. M'malo ambiri ziliza zoimirira amazigoneka pansi n'kuzimata ndi simenti, kuti akuba ndi ophwanya asazigwetse. Ndalama zimachokera kwa zidzukulu zakunja, zina zimene sizinapondepo mu Africa. Olambula udzu ndi kukonza mpanda ndi anthu a m'matauni momwemo.

Pamenepa mtima wanga umapita kwa machona athu. Anyasa a ku Salisbury ndi ku Bulawayo nawonso anali ndi mabungwe awo a maliro, ankasonkherana mwezi ndi mwezi kuti mnzawo asaikidwe ngati wopanda abale. Koma ambiri anagona kuseri kwa makomboni a m'migodi ndi m'mafamu a fodya, pamanda pawo atazikapo kamtengo kapena kachitsulo kolembedwa ndi penti. Famu itasintha mwini, mgodi utatsekedwa, malowo anamera tchire kapena kulimidwa. Kusiyana kwake si chikondi, chifukwa ifenso akufa athu timawakonda. Anzathuwa anali ndi ndalama, anali ndi mwala, analemba maina m'kaundula, ndipo anasiya bungwe loti lizikumbukira iwo atachoka. Mabungwe a Amalawi a ku Johannesburg ndi ku Cape Town lero amalimbikira kubweretsa maliro kumudzi, ndipo n'zoyamikika, koma manda a amene anatsala kale kumeneko akusowabe wowalemba.

Simon Zukas anamwalira ku Lusaka pa 27 September 2021 ali ndi zaka 96, ndipo Stanley Fischer anamwalira ku America mu May 2025. Ayuda okhazikika mu Zambia lero ngowerengeka, ambiri ku Lusaka. Amene angafike ku Livingstone n'kufuna kuona mandawa ayambe wapempha chilolezo kwa oyang'anira, monga momwe kwathu kuno sitilowa kumanda mfumu isanavomere. Asapite Loweruka, chifukwa ndi Sabata, tsiku limene Ayuda sayendera manda. Mwamuna avale chipewa kapena aphimbe kumutu, asaponde pamanda, asadyerepo chakudya. Nkhata za maluwa si mwambo wawo. Wochezera amatola kamwala n'kukaika pachiliza, ndipo potuluka amasamba m'manja.